Mabelo awiri a a Mbeŵe ndi laputopu ya amalume

Laputopu imene ili kwathu ku Chamama ndi yakale kuposa mlongo wanga amene ali Fomu 1. Anabwera nayo amalume kuchokera ku Joni, ndipo nawonso anaigula kwa munthu amene anali atatopa nayo kale. Batire lake linafa kalekale, moti imayaka pokhapokha tikailumikiza ku inveta ndi batire la galimoto limene timatchaja ndi sola. Muli Windows 7, RAM yake ndi 1 GB, ndipo batani la E limafuna kulikanikiza ngati ukudinda belo ndi jeke. Anzanga kuno ku Zomba ataiona pa chithunzi anaseka, wina nkunena kuti imeneyo ikaikidwe ku Museum. Nanenso ndinaseka nawo. Patangopita miyezi iwiri, laputopu yomweyo ndi imene inachotsa bambo anga m'manyazi aakulu kuposa onse amene ndinawaonapo alimo.

Bambo ndi mlembi wa kalabu ya alimi a fodya wa bale m'mudzi mwathu. Kwa inu amene munakulira m'tauni, kalabu imagwira ntchito chonchi: alimi ang'onoang'ono amalembetsa pamodzi, mabelo awo amapita kumsika pa nambala imodzi, kwa ife ku Chinkhoma, ndipo ndalama zikabwera zimalowa mu akaunti imodzi. Pepala lochokera kumsika limasonyeza nambala ya belo, makilogalamu ake ndi mtengo wake m'madola. Silisonyeza kuti beloli ndi la yani. Zimenezo ndi za mlembi. Iye ndiye amalumikiza belo ndi mwini wake, nkuchotsera za thiransipoti, za ziguduli ndi ngongole ya fetereza, kenaka nkuuza aliyense kuti zanu ndi izi. Munthu amene wakhala chaka chathunthu ndi fodya, kuyambira ku nazale mpaka m'chigafa, amamva zotsatira za thukuta lake kuchokera pakamwa pa mlembi.

Chaka chimenecho kalabu inali ndi anthu 18 ndi mabelo 214. Maso a bambo anayamba kuvuta, ndiye msuweni wanga ndi amene ankawathandiza kulemba zonse mu laputopu. Atagawa ndalama, a Mbewe, amene analima nawo limodzi zaka zoposa khumi, anabwera kunyumba madzulo ena. Anakana mpando. Anati iwo anapereka mabelo 11 koma alandira za mabelo 9, ndipo akufuna kudziwa kuti awiriwo anadya ndani. Sanatchule dzina, koma pakhomo panali mlembi mmodzi yekha.

Nditafika pa tchuthi nkhani inali itafala kale. Amayi anali atasiya kupita kumjigo m'mawa, ankadikira masana anthu atachepa. Bambo anali atayesa katatu kuwerengera ndi bolopeni pa tochi, katatu konse nkupeza mayankho osiyana. Msuweni uja anali atapita kukasaka ganyu ku Lilongwe, foni yake yosapezeka. Ndinayatsa laputopu kuti ndione zimene analemba, koma pulogalamu yowerengera ija inkangotseguka nkudzitseka yokha. Mavayirasi ochokera m'mafulashi a nyimbo anali atailowa. Kuti ndidawunilode ina, inkafunika bandulo yaikulu ndi netiweki imene kwathu umaipeza utakwera pachulu, ndipo mapulogalamu ambiri atsopano Windows 7 amaikana. Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020.

Ndiulule pano kuti ine si wa makompyuta. Ndimaphunzira za zilankhulo ndi zolembalemba, ndipo masamu ndinasiyana nawo mwamtendere nditalemba MSCE. Koma m'thumba ndinali ndi fulashi imene mnzanga wina wa Computer Science anandiikiramo kafayilo kamodzi, busybox.exe, pamene ndinkadandaula za ntchito ya m'kalasi yowerenga kuti mawu ena akupezeka kangati m'nthano zimene tinajambula. Kafayiloko sikafika ngakhale 1 MB. Nyimbo imodzi ya pa foni imakaposa. Sikafuna kuinstola, sikafuna intaneti, ndipo kalibe zithunzi zoti udinepo. Umatsegula zenera lakuda lija la Command Prompt, limene ambiri timaliopa ngati manda, nkumalemba malamulo ndi kiyibodi.

M'kati mwa kafayiloko muli timapulogalamu tambirimbiri, kalikonse ka ntchito imodzi yokha. Kena kamafufuza mawu, dzina lake grep. Kena kamasanja mizere, ndiko sort. Kena kamawerenga zobwerezabwereza, uniq. Kena kamadula mzere nkutengapo gawo limene ukufuna, cut. Ubwino wake ndi woti umatha kutilumikiza ndi kamzere koimirira, kuti zimene kamodzi kamaliza kazipatsira kanzake. Aliyense amene anakhalapo pa chigafa nthawi yokolola akudziwa kale dongosolo limeneli: wina akuthyola, wina akusoka, wina akupachika pa mikangala, ndipo palibe amene akuchita zonse.

Mwamwayi msuweni wanga anasunga kaundula uja ngati csv, kutanthauza malemba wamba olekanitsidwa ndi makoma, amene pulogalamu iliyonse ingathe kuwerenga. Ndinalemba mzere umodzi:

cut -d, -f1 fodya.csv | sort | uniq -c

M'Chichewa ndiye kuti: tenga maina okha, uwasanje, undiuze kuti lililonse lapezeka kangati. Laputopu imene imatenga mphindi zisanu kuti iyake inayankha ndisanachotse chala pa batani. Ndinkayembekeza maina 18. Anatuluka 19. Panali Mbewe, kasanu ndi kanayi. Pansi pake panali dzina lina, kawiri, loyamba ndi Mbe nkutha ndi e, koma pakati pali zilembo zachilendo. Nditalitsegula kwina linaoneka chonchi: MbeÅµe.

Ndinakhala kanthawi ndikuliyang'ana, kenaka ndinamvetsa. Tsiku lina batire litatha, msuweni wanga analemba mabelo ena pa foni, nkudzawaphatikiza pambuyo pake. Pa foni ukakanikiza w kwa kanthawi pamabwera ŵ, ndipo iye, amene Chichewa ankakhoza bwino kusukulu, analemba dzinalo mmene liyenera kulembedwera: Mbeŵe. Sanalakwe. Vuto ndi loti makompyuta oyamba sanapangidwe ndi ife m'maganizo. Mndandanda wa zilembo wa ASCII, wa m'ma 1960, uli ndi malo 128 okha, ndipo ŵ mulibe. Ngakhale mndandanda umene Windows yakale imagwiritsa ntchito pa Chingerezi ndi zilankhulo za kumadzulo kwa Ulaya ulibe chilembochi. Chinapeza malo mu Unicode, imene inayamba mu 1991, ndipo tili nacho limodzi ndi anthu a ku Wales, amene nawonso amachilemba m'chilankhulo chawo. Foni imasunga ŵ ngati tizidutswa tiwiri, ndipo pulogalamu yakale ikationa imayesa ndi zilembo ziwiri zosiyana, Å ndi µ. Ndiye msuweni wanga atasefa dzina la Mbewe kuti aphatikize ndalama, mabelo awiri aja anatsalira panja. Ndalama zake zinangokhala mu akaunti ya kalabu, ndipo komiti inkayesa ndi phindu la kusintha kwa dola.

Ndinaitana bambo. "Bambo, tabwerani muone kuno." Anavala magalasi awo a mwendo umodzi, nkuwerama. Ndinawasonyeza nambala za mabelo awiriwo, iwo nkutsegula kope lawo lachikuto cholimba, nkuzipeza zili pa dzina la a Mbewe. Sanalankhule kanthu kwa nthawi yaitali. Kenaka anangoti, "Iwe, kachipewa ka pa w komweko?" Ndinati eya, komweko.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza kuti kafayilo kaja kanachokera kuti, ndipo apa ndi pamene pali nkhani imene ndikufuna kunena. Timapulogalamu timeneti sitinabadwire pa Windows. Tinabadwira pa Unix, ku Bell Labs ku America. Ken Thompson analemba grep mu 1973, ndipo monga amafotokozera Brian Kernighan, chinamukankha ndi nkhani ya zolembalemba: mnzawo Lee McMahon ankafuna kusanthula mawu a mu Federalist Papers, nkhani za ndale za mu 1787 ndi 1788 zimene Hamilton, Madison ndi Jay analemba pa dzina limodzi lobisalira, kuti aone amene analemba iti. Malembawo anali ochuluka kuposa zimene pulogalamu yolembera ya nthawiyo ikanatha kunyamula. Nditamva zimenezi ndinasangalala ngati mwana. Chida chimene anzathu a sayansi amationetsera ngati chawo chinayamba ndi funso la ku dipatimenti yathu.

Koma Unix inali ya kampani. Mu 1983 Richard Stallman analengeza ntchito ya GNU, yolembanso zida zonsezi kuti aliyense akhale ndi ufulu wozigwiritsa ntchito, kuziwerenga mmene zinalembedwera, kuzisintha ndi kugawira ena. Chingerezi chili ndi vuto pamenepa, chifukwa mawu amodzi oti free amatanthauza zinthu ziwiri, ndipo iwo akhala zaka zambiri akufotokozerana kuti akunena chiti. Ife tilibe vutolo. Chaulere ndi china, chaufulu ndi china. Chimanga cha boma cha nthawi ya njala ndi chaulere. Mbewu ya makolo imene agogo amasunga pa tsindwi, yoti ukhoza kubzala, kusunga ndi kupatsako mnansi popanda kupempha chilolezo, imeneyo ndiye yaufulu. Mu 1995 Bruce Perens anayamba BusyBox, kupanikiza zida zambirizi m'fayilo imodzi kuti zikwane pa diski ya floppy imodzi, ya 1.44 MB. Ndipo chifukwa chilolezo chake cha GPL chimalola, anthu ena anaitenga nkuisamutsira ku Windows. Amene wakhala akuisamalira kwa zaka zambiri ndi Ron Yorston. Ndi ntchito yake imene inali m'thumba langa.

Kusamutsa pulogalamu kuchokera pa mtundu wina wa kompyuta kupita pa wina, m'Chingerezi amati porting. Nditaona mmene imachitikira ndinaizindikira msanga, chifukwa ndi ntchito imene timaphunzira ifenso: kumasulira. Unix imalekanitsa mafoda ndi kamzere kopendekera kutsogolo, Windows kopendekera kumbuyo. Unix imamaliza mzere ndi chizindikiro chimodzi, Windows ziwiri. Pali zinthu zina zimene Unix imachita zomwe Windows ilibe nkomwe njira yake, ndipo wosamutsayo amayenera kupeza njira yozungulira, monga momwe timavutikira kumasulira mawu oti chinamwali kwa mzungu. Monganso womasulira, wosamutsa satchuka. Timadziwa amene analemba buku, koma amene analibweretsa m'chilankhulo chathu dzina lake limakhala m'tizilembo tating'ono. DJ Delorie anayamba mu 1989 kusamutsira zida za GNU ku DOS. Jim Hall anayamba FreeDOS mu 1994 atamva kuti Microsoft ikufuna kusiya MS-DOS, ndipo ntchitoyo ikupitirira mpaka lero. Anthu amenewa amathera madzulo awo pa makina amene msika unawaiwala, popanda wowalipira.

Ganizo langa ndi ili. Kompyuta yakale nthawi zambiri siifa yokha, imachita kulengezedwa kuti yafa. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna RAM ya 4 GB ndi kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0 kamene makina ambiri akale alibe. Kwa munthu wa ku London zimenezi zikutanthauza kupita kusitolo. Kwa ife zikutanthauza kuti makina otayidwawo adzafika kuno m'makontena ngati kaunjika, tidzawalandira ndi nthungululu, ndipo pakatha zaka ziwiri adzakhala pansi pa nsalu. Sekondale imene ndinaphunzira inali ndi chipinda chotere. Makompyuta oposa khumi, oyaka atatu, ndipo pa atatuwo tinkaphunzira kudina File kenaka Save. Palibe anatiuzapo kuti makina omwewo, atawachotsera katundu wolemera, akhoza kusanja maina a sukulu yonse m'kuphethira kwa diso.

Si kuti m'Malawi muno palibe anachitapo. Mu 2001 Gerry Douglas ndi anzake, amene anayambitsa Baobab Health, anatenga timakompyuta totchedwa i-Opener, timene kampani ya Netpliance ku America inapangira intaneti yokha koma malonda ake nkulephereka. Anatisintha, nkutiika masikirini ogwira ndi chala, nkuyamba kulembera odwala ku chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene pano ndi Kamuzu Central. Pambuyo pake njira imeneyi, yomangidwa pa mapulogalamu aufulu, inafika m'zipatala zopereka ma ARV. Zimene ku America zinali zinyalala, kuno zinasunga kaundula wa miyoyo ya anthu.

Ndipo inde, ndikudziwa kuti wina afunsa za William Kamkwamba, popeza Wimbe si kutali ndi kwathu. Aliyense wochokera ku Kasungu amene wagwirapo waya amafunsidwa za iye. Ndimamulemekeza, koma momwe timafotokozera nkhani yake zimanditopetsa. Timakonda kunena za nzeru za mnyamata mmodzi amene anapanga makina amphepo ndi zitsulo zotola, nkuiwala kuti panali kalaibulale pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe, ndipo munali buku la Using Energy limene wina analiika pa shelefu osadziwa kuti adzalitenga ndani. Nzeru zili m'midzi yonse. Chosowa ndi shelefu. Munthu amene amasamutsa kapulogalamu nkukaika poyera kuti aliyense atenge akuchita ntchito ya shelefu ija.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse ndi zokoma. Choyamba, ufulu sutanthauza kuti wina adzakugwirira ntchito. Umangotanthauza kuti palibe adzakuletse. Ngakhale Debian, imodzi mwa mitundu ya Linux yakale ndi yolemekezeka, potulutsa Debian 13 mu Ogasiti 2025 inasiya kupereka njira yoiikira pa makompyuta a 32-bit. Anthu odzipereka nawonso amatopa, ndipo amene akugwiritsa ntchito makina akale kwambiri ndi ife amene sitili nawo pa zokambiranazo. Chachiwiri, ndipo ichi chimandiwawa kwambiri, zenera lakuda lija limalankhula Chingerezi, ndipo Chingerezi chake ndi chodulidwa. Bambo anga amawerenga Chingerezi cha m'nyuzipepala, koma uniq -c si chilankhulo cha munthu aliyense. Ndikanangochoka nkubwerera ku Zomba, ndikanawasiya mmene anawasiyira msuweni uja: akudalira mnyamata amene palibe.

Ndiye masiku otsala a tchuthi ndinayesa kusamutsa kwanga kwakung'ono. Ndinalemba timafayilo titatu tokhala ndi malamulo aatali aja m'kati, nkutipatsa maina athu. Akalemba maina, amaona anthu onse ndi mabelo awo. Akalemba funa ndi dzina la munthu, amaona mizere yake yonse, kaya dzinalo lalembedwa ndi w kapena ŵ, ndi l kapena r, popeza a Chirwa tsiku lina adzakhala a Chilwa ndithu. Akalemba gawa, awk imachulukitsa makilogalamu ndi mtengo nkuphatikiza za aliyense. Kameneka kanandidyera masiku atatu, ndipo ulendo woyamba kanapatsa munthu mmodzi ndalama za kalabu yonse chifukwa ndinaiwala chizindikiro chimodzi. Ndinazilemba zonse ndi pentopeni pa katoni ya sopo, nkuikhomera pakhoma pamwamba pa batire.

Ndinapitanso pa tireding'i, kwa mnyamata amene amaika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Kunena zoona, njira yogawirana mafayilo imene imagwira ntchito m'Malawi ndi imeneyi, osati intaneti. Nyimbo ikatuluka ku Lilongwe Lachisanu, pofika Lamlungu ili m'mabawo a ku Chamama. Ndinamupempha kuti asunge foda yanga, aziikira aliyense wobwera ndi laputopu, makamaka alembi a makalabu ndi a banki m'khonde. Anayang'ana kukula kwake nkundifunsa kuti, "Akulu, zimenezi zimaimba?" Nditati ayi, anafunsa kuti azitchaja zingati. Ndinati chilolezo chake sichiletsa kulipiritsa, bola asabise kumene zachokera ndipo asaletse wina kukopera. Anaganiza pang'ono nkunena kuti aziika ngati basela. Mpaka pano sindinamve kuti pali amene anatenga.

Za a Mbewe zinatha pa msonkhano wa kalabu pansi pa mtengo wa mango. Tinanyamula laputopu, inveta ndi batire pa njinga. Bambo anakana kuti ndilankhule ine. Anaimirira okha, nawerenga nambala za mabelo awiri aja m'kope lawo, kenaka anaitana a Mbewe kuti adzaone dzina lawo pa sikirini. A Mbewe anayang'ana nthawi yaitali nkunena kuti limenelo si dzina lawo. Anthu anaseka, koma iwo sanaseke. Msungichuma anakatapa ndalamazo sabata yotsatira ndipo analandira zonse. Kupepesa sanapepese, ndipo bambo akuti sakuyembekezera, chifukwa munthuyo anali ndi chifukwa chofunsira: mabelo ake anasowadi. Amapatsana moni panjira, koma chaka chino nazale aliyense wafesa kwake, pamene kale ankathirira dimba limodzi.

Lachiwiri lapitali bambo anandiflasha ndili m'laibulale. Nditawaimbira anati alemba gawa koma makina akuwayankha zachizungu. Ndinawafunsa kuti awerenge zimene alemba, chilembo ndi chilembo. Anali atalemba bwinobwino. Tinazunguzika mphindi khumi, mayunitsi akutha, mpaka mlongo wanga analanda foni nkundiuza kuti fayilo ya chaka chino anaitcha fodya2.csv, ndipo kafayilo kanga kakufunabe ya chaka chatha. Ndisanamuuze chochita anati watsegula kale gawa mu Notepad, waona pamene pali dzinalo, ndipo akufuna kudziwa ngati akhoza kusintha yekha kapena mpaka ine ndibwere.

Ndinamuuza kuti asinthe.